Mawu akuti "mechanical" amakambanso za munthu?

MayiWaTatu_Mtendere
Moni nonse pagulu. Inu odziwa Chingerezi ndithandizeniko. Mwana wanga wa Grade 9 wabwera ndi ntchito ya kusukulu, ndime yoti awerenge kenako ayankhe mafunso. Mu ndimemo muli chiganizo chakuti "The clerk gave a mechanical reply", ndipo funso likuti afotokoze tanthauzo la mechanical. Iye walemba kuti kalalikiyo anayankha pa makina, kaya foni kaya kompyuta. Ine mtima ukukana. Mawuwa ndimawamva kwa makondakitala basi ikafera panjira, amati ndi mechanical fault, ndimawaonanso pa zikwangwani za magalaji. Nanga munthu wokhala mu ofesi angayankhe bwanji mechanical? Buku akukapereka Lolemba.

Boyi_wa_Matero
Nkhani yapafupi iyi amayi. Kalalikiyo poyamba anali makaniko, anangosintha ntchito.

Aphunzitsi_Kabwata
Boyi, usasokoneze mwana wa eni ake.

Amayi, mtima wanu sukunama. Mechanical ndi mfotokozi, mawu ofotokoza dzina. Tanthauzo loyamba ndi lomwe mukulidziwa kale: chinthu chokhudza makina ndi zitsulo zake zoyenda, magiya, mashafuti, malamba, masipuling'i. Ndiye mechanical fault ndi vuto la zitsulo zimenezo. Koma akawakamba pa munthu, tanthauzo limasendera. Amatanthauza kuti munthuyo wachita chinthu mosaganizira, mopanda mtima, mwachizolowezi chabe. Munafikapo pa windo la ofesi, inu mukufotokoza vuto lanu, kalaliki osadzutsa n'komwe mutu, maso ali pa mapepala, n'kungoti "bwerani mawa"? Wobwera pambuyo panu vuto lake ndi lina, koma nayenso "bwerani mawa", liwu lomwelo. Imeneyo ndiyo mechanical reply. Mwana alembe kuti "done without thought or feeling, like a machine". Akawonjezera kuti kalalikiyo analibe chidwi ndi wofunsayo, malikisi onse ndi ake.

Mumuuzenso asasokoneze mawuwa ndi abale ake. Mechanic ndi munthu, makaniko. Mechanically ndi muonjezi, amafotokoza mmene chinthu chachitikira: "He nodded mechanically", anagwedeza mutu koma maganizo ali kwina. Chaka chilichonse ndimapeza mwana walemba kuti "My uncle is a mechanical", ndipo cholembera chofiira chimagwira ntchito.

Sipanala_Chawama
Aphunzitsi mwakamba bwino, koma mbali ya galaji ndisiyireni ine. Kwa ife galimoto ikafika timayamba tafunsa: vuto ndi la mechanical, la electrical kapena la bodi? Chifukwa lililonse lili ndi mwini wake. Mwapotoza kiyi, pa dashibodi zii, ngakhale kanyale kamodzi osayaka, pitani kwa wa mawaya. Mwina ndi batire, fyuzi, kapena waya wadukira penapake. Mwapotoza kiyi, sitata yazungulira, injini yalira koma mkati mukumveka gogogo, kapena giya ikukana kulowa, kapena bering'i ya gudumu ikuwuwa mukathamanga, imeneyo ndi yanga. Lamba wa timing akaduka, klachi ikatha, injini ikagwira chifukwa oyilo munaiwala, zonsezo ndi mechanical. Pampu ya petulo ya magalimoto a masiku ano ndiye timalimbirana ndi anzathu a mawaya, popeza ili ndi kamota ka magetsi ndipo imakhala mu thanki.

Chimene chimandinyansa ndi makondakitala. Dizilo yatha chifukwa anathira yochepa ponyamuka, iwo akuti mechanical fault. Apolisi agwira basi chifukwa mapepala anatha, okwera akuuzidwa kuti pali ka mechanical fault pang'ono. Dzina la ntchito yathu lasanduka chophimbira ulesi.

Konda_waku_Chipata
Ba Sipanala, inu simunayambe mwaima pamaso pa anthu odzaza basi, okwiya, pa Kacholola dzuwa likuswa mtengo. Ukawauza kuti dizilo yatha akung'amba malaya. Ukati mechanical fault onse amakhala pansi, ena amayamba kufunsa mtengo wa nthochi. Mawuwa amaziziritsa mitima.

Boyi_wa_Matero
Ndiye kuti mwavomera mlandu.

NaChisomo
Si nthawi zonse amanama. Ine chaka chatha popita kumaliro ku Katete tinaima titangowoloka mlatho wa Luangwa, pa zitunda zija. Anatiuza chimodzimodzi. Dalaivala analowa kunsi, anatuluka manja ali bii, atagwira lamba woduka, n'kutionetsa tonse. Wina anachita kuchokera nawo ku Nyimba lamba watsopano, anafika kutada, ndipo chifukwa cha lamulo loletsa mabasi kuyenda usiku tinagona pomwepo. Maliro tinapeza ataika.

Sipanala_Chawama
Pepani asisi. Imeneyo ndi fanibeluti, ndipo ndi mechanical yeniyeni. Dalaivala wa maulendo atali amene alibe lamba wapadera kunsi kwa mpando sanakhwime.

Mudala_waku_Chilenje
Ine chimene ndikudziwa kuyambira kale n'chakuti mechanical ndi manual n'chimodzi. Galimoto ya giya ya pamanja ndi mechanical. Izi za automatic zimene mukuyendetsa ana a lerozi ndi zina, palibe cha mechanical mmenemo.

Sipanala_Chawama
Ayi mudala, pamenepo sindikuvomera. Tsiku lina mubwere ndikutsegulireni giyabokosi ya automatic muone. Mkati mwadzaza magiya, maklachi ang'onoang'ono ambirimbiri, ndi oyilo wofiira amene amakankha zonsezo. Zitsulo zoyenda zimaposa za manual. Kusiyana n'kwakuti yosankha giya si dzanja lanu. Ikafa, ndi ine ndemwe mudzandifuna.

Mudala_waku_Chilenje
Nanga bwanji mukamagulitsa mumafunsa kuti manual kapena automatic? Si ndiye kuti ndi zotsutsana?

Injiniya_Mawa
Agogo, manual ndi automatic ndizo zotsutsana, zoona. Koma mechanical ali pa mzere wina. Manual ndi automatic amayankha funso lakuti ndani akuyendetsa, munthu kapena chinthucho chokha? Mechanical amayankha funso lakuti chikugwira ntchito ndi chiyani, zitsulo zokankhana, kapena magetsi ndi mawaya, kapena mankhwala?

Kwerani pa thanki ya madzi ya panyumba, kapena tsegulani chivundikiro cha kathanki ka chimbudzi cha madzi. Mupeza mpira woyandama womangirira ku kamkono. Madzi akatsika mpira umatsika, kamkono kamatsegula valavu, madzi amalowa. Akadzaza mpira umakwera, valavu imatseka. Palibe waya, palibe batire, palibe munthu woimirira pamenepo. Chinthu chimenecho ndi automatic chifukwa chikudzichitira chokha, ndiponso ndi mechanical chifukwa chonse ndi mpira, kamkono ndi valavu. Mjigo nawo ndi mechanical koma ndi manual, popeza popanda munthu wopopa madzi satuluka.

Mudala_waku_Chilenje
Hmm. Nanga wotchi ya malemu bambo anga? Ankaipukusa m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, ikadalipo mu kabati. Imeneyo ndi chiyani?

Injiniya_Mawa
Imeneyo ndi mechanical watch, agogo. Mukapukusa mumamanga sipuling'i mkati, ndiye imamasuka pang'onopang'ono n'kumayendetsa timagiya. Za batire zija amati quartz, ndipo yoyamba ya pamkono inagulitsidwa ndi Seiko mu 1969. Ndiye mumve izi: pali wotchi zina za sipuling'i zimene simupukusa, mkati muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamayenda, n'kumamanga sipuling'i. Dzina lake ndi automatic watch, koma batire mulibe. Automatic ndi mechanical m'chinthu chimodzi.

Mudala_waku_Chilenje
Mwana iwe sukulu sunapitire kukadya nsima. Koma galimoto ya pamanja ndiyo galimoto, pamenepo sindisuntha.

Injiniya_Mawa
Poti tafika apa, ndidandauleko. Ine ndikuphunzira mechanical engineering ku yunivesite ya UNZA, ndipo ndikapita kumudzi aliyense amandibweretsera chofa. Wailesi, njinga yamoto, foni, mpaka malume anandisungira jenereta chaka chonse kuti "injiniya akadzabwera". Ndikawauza kuti ife timaphunzira masamu a kuwerengera shafuti isanapangidwe, kutentha kwa injini, kulimba kwa zitsulo ndi kujambula mapulani, amaona ngati ndikukana dala. Mechanical engineer ndi mechanic si munthu mmodzi. Amene akufuna ntchito ya manja, pali maphunziro a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, monga automotive mechanics ndi mechanical fitting, ku koleji ya NORTEC ku Ndola kapena makoleji ena konkuno. Fitter ndi amene amamanga, kumasula ndi kukonza makina a m'mafakitale ndi m'migodi, mapampu, malamba onyamula miyala, magiyabokosi aakulu.

Sipanala_Chawama
Ndiye jenereta ya amalume inakukanika.

Injiniya_Mawa
Inali kabureta yodzaza litsiro chabe. Ndinatsuka, inalira. Manje mbiri yawanda, ndilibe mtendere.

Telala_Kamwala
Kukamba za jenereta mwandikumbutsa 2024. Magetsi ankathima tsiku lonse, anzanga a makina a magetsi anangokhala kupinda manja, mayunifolomu a sukulu ataunjikana. Ine ndinatulutsa Singer ya amayi anga ya chopondera, ndinasintha lamba wachikopa, ndinathira mafuta m'timabowo take, ikuyenda mpaka lero. Ndiye ndifunse, ya chopondera ndi mechanical, ya magetsi ayi?

Injiniya_Mawa
Zonse mkati ndi mechanical, amayi. Singano kukwera n'kutsika, bobini kuzungulira, timano tokoka nsalu, ndi zitsulo zoyenda zokhazokha. Chosiyana ndi gwero la mphamvu, ina mwendo wanu, ina mota. Ya magetsi ikamalumpha ulusi vuto ndi la mechanical. Ikangoti zii mutaponda, kapena ikanunkha zopsa, yambani mwaganizira mota ndi waya.

Ndipo magetsi enieniwo amabadwa kuchokera ku mechanical energy, mphamvu ya zinthu zoyenda. Ku Kariba, damu lija linatha kumangidwa mu 1959, madzi amagwa kuchokera pamwamba n'kuzunguza chigudumu cha mapiko chotchedwa turbine, turbine imazunguza jenereta, jenereta imatulutsa magetsi. Ku Kafue Gorge chimodzimodzi. Mu 2024 chachikulu chinali chilala. Makina analipo, madzi owazunguza ndiwo anachepa.

Konda_waku_Chipata
Mwaona? Ngakhale Kariba dizilo imatha.

Boyi_wa_Matero
Koma iwo sanatiuze kuti ndi mechanical fault.

Namwino_Mtsogolo
Mwachoka pa funso anthu inu. Ine ndili ndi langa. Mukuti mechanical ndi za makina ndi zitsulo. Nanga bwanji mu biology tinaphunzira mechanical digestion? M'kamwa mulibe giya.

Aphunzitsi_Kabwata
Funso labwino, ndipo mwana wa amayi aja akumana nalo posachedwa. Mu sayansi mawuwa amakula kuposa zitsulo. Amakamba za mphamvu yokankha, kukoka, kuphwanya, kupera. Mano akamatafuna chimanga chowotcha, chimanga chikungosweka kukhala tizidutswa, koma chikadali chimanga. Imeneyo ndi mechanical digestion. Malovu akayamba kusintha sitachi kukhala shuga, chinthucho chasanduka china, imeneyo ndi chemical digestion. Ku geography aliko mawu omwewa: mwala ukasweka chifukwa cha kutentha masana ndi kuzizira usiku, kapena muzu wa mtengo ukalowa mu mng'alu n'kuung'amba, amati mechanical weathering, ena amati physical weathering. Ndiye mwana aziyang'ana kuti mawuwa aima moyang'anizana ndi chiyani. Kugalaji mnzake ndi electrical. Ku biology ndi geography mnzake ndi chemical. Pa munthu mnzake ndi kuchita zinthu ndi mtima.

Injiniya_Mawa
Musaiwale mechanical advantage, aphunzitsi, imabwera pa mayeso. Ndi katundu kugawa ndi mphamvu imene wagwiritsa ntchito. Anyamata a wilibala a ku Soweto Market amaidziwa popanda buku. Thumba la makilo 60 limalemera pafupifupi 600 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu). Ngati pokweza zogwirira ukugwiritsa ntchito 200 N, mechanical advantage ndi 3. N'chifukwa chake amakankhira thumba kutsogolo pafupi ndi gudumu, osati kufupi ndi manja. Likayandikira gudumu, manja amapepukidwa.

Kaya_Zanga
Chingerezi ndi chilankhulo cha chisokonezo basi. Liwu limodzi la basi, la mano, la miyala, la kalaliki. Bwanji osapanga mawu anayi?

Mlendo_waku_Dedza
Achimwene, ife timadya nsima, timadya ndalama za mpingo, dzimbiri limadya chitsulo, ndipo nsapato yothina imadya chidendene. Mzungu wophunzira Chichewa nayenso amalira.

Langa ndi katchulidwe. Ndimamva ambiri kuno akuti "mechanikolo" ndi ch wa chimanga. Si choncho. Ch ameneyo amamveka k, ngati mu school, chemist ndi Christmas, ndipo liwu limatsamira pa ka: me-KA-ni-kal. Chodabwitsa n'chakuti machine amatchulidwa ndi sh, pomwe mawu onse awiri muzu wake ndi umodzi, wa Chigiriki. Machine anadzera ku Chifalansa, n'chifukwa chake anafewa. Kuno ku Lusaka mumati mashini, kwathu timati makina, ndipo Apwitikizi amati máquina. Ndiye wonena makina ali kale pafupi ndi katchulidwe koyenera.

Boyi_wa_Matero
Ba Dedza, mwayamba kale zoti Chinyanja chathu ndi chosweka?

Mlendo_waku_Dedza
Sindinatero. Ndangoti k.

Soprano_Kalingalinga
Aphunzitsi, manje ndayamba kuda nkhawa. Mwezi watha kunabwera mlendo kudzamvera kwaya yathu tikukonzekera mpikisano. Titamaliza anati "your singing is very mechanical". Ife tinawomba m'manja, tinaganiza akutanthauza kuti tikuimba molondola, osaphonya, aliyense pa nthawi yake. Kodi anatitukwana?

Aphunzitsi_Kabwata
Kutukwana ayi, koma sanakuyamikireni. Amatanthauza kuti manoti onse alipo, nthawi ili bwino, koma nyimbo siikuchokera mumtima. Mawu a chisoni ndi a chimwemwe mukuwaimba mofanana. Akafuna kuyamikira kulondola amati precise kapena accurate. Mechanical pa kuimba, kuvina, kuwerenga, kupemphera, kupereka moni, pafupifupi nthawi zonse ndi chidzudzulo.

Soprano_Kalingalinga
Mayo ine. Ndipo tinamupatsa nkhuku.

Sipanala_Chawama
Ichi ndicho chimandiwawa. Amene anaganiza kuti mechanical itanthauze kusaganiza sanagwirepo sipanala. Kumvetsera injini n'kudziwa kuti phokoso likuchokera ku tapeti ya mavalavu kapena ku bering'i ya kunsi, pamafunika mutu. Ine ndimaika sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira pa khutu, n'kumasuntha malo ndi malo mpaka nditapeza pamene pakugogoda.

Aphunzitsi_Kabwata
Ba Sipanala, akunyoza makina, osati makaniko. Ndipo pali mawu ena okukomerani. Akati munthu ndi mechanically minded, ndiye kuti mutu wake umagwira msanga za makina, ndi chiyamikiro. Mumawaona pa zotsatsa ntchito.

Dalaivala_Rosa
Komanso si zonse zochita mosaganizira zili zoipa. Ine pa Great East Road nthawi ya m'mawa, kuchoka ku Chelstone kufika mu tauni, ndikanati ndiziganizira giya iliyonse bwenzi nditagunda kale. Mwendo ndi dzanja zimadziwa zokha, maso ali pa njinga ndi oyenda pansi.

Aphunzitsi_Kabwata
Zoona, ndipo pamenepo Mngerezi kawirikawiri amati "it has become automatic". Akasankha mechanical amakhala akudandaula kuti pamene pamafunika mtima, mtima palibe. Giya safuna mtima. Wodwala amene akufotokoza ululu wake amaufuna.

MayiWaTatu_Mtendere
Zikomo nonse, mwana wakonza. Wakhala akuwerenga nane, ndipo za wilibala wakopera mu buku la sayansi. Akufunsa ngati mechanical pencil ndi ija amadina kumbuyo.

Injiniya_Mawa
Ndi yomweyo. Ena amati clutch pencil. Mkati muli kasipuling'i ndi timano togwira mtovu wake.

Corolla_Yanga
Ndachedwa kufika koma mundimvere. Wina aliyense wogula galimoto pa Facebook asamale ndi mawu akuti "mechanically sound". Ine ndinaona choncho, ndinaganiza kuti galimoto yonse ili bwino. Nditagula ndinapeza mawindo awiri satsika, nyale za kumbuyo zimayaka zikafuna, wailesi yakufa, ndipo msonkho wa pamsewu unali ndi ngongole. Nditamuimbira wogulitsa anandiuza kuti sananame, injini ndi giyabokosi zili bwino. Kodi pamenepa ndinaberedwa kapena ayi?

Kaya_Zanga
Munaberedwa.

Sipanala_Chawama
Munaberedwa mwaulemu. Mawu amenewo amalonjeza injini, giyabokosi, mabuleki, sitiyaring'i ndi za kunsi. Za mawaya, za bodi ndi za mapepala sakamba chilichonse, ndipo wogulitsa wochenjera amawasankha dala. Mapepala mukadayamba mwafunsa ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, musanapereke ndalama.

Ngakhale lonjezo la mechanical lomwelo musamangolikhulupirira. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, ikani dzanja pa boneti. Mukapeza yofunda, funsani chifukwa chake, poti injini yotopa imabisa matenda ikatentha. Tsegulani chotsekera cha oyilo muyang'ane kunsi kwake. Mukaona zoyera zamatope, mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo, ganizirani gasiketi. Wina alize inu muli kumbuyo. Utsi wabuluu, ikudya oyilo. Wakuda, mafuta akupita ambiri. Woyera wokhuthala wosatha ngakhale injini itatentha, madzi akulowa mosayenera. Kenako yendetsani nokha pa msewu wa mabampu, wailesi itazimitsidwa.

Corolla_Yanga
Wailesi inali yozimitsa kale mpaka kalekale. Ndiye mawindowa mungandikonzere?

Sipanala_Chawama
Zitengera. Mukadina batani n'kumva kamota kakulira mu chitseko koma galasi osasuntha, kachingwe ka regulator, chokweza ndi kutsitsa galasi, kaduka, imeneyo ndi yanga. Mukadina n'kungoti zii, ndi siwichi, fyuzi kapena waya, ndikutumizani kwa mnzanga wa mawaya. Kadineni mundiuze, Loweruka ndimatseka 13 koloko.

Corolla_Yanga
Ndadina. La kumanzere likulira, la kumanja zii.

Boyi_wa_Matero
Konzani ndalama za anthu awiri.